Tsiku Limene Sipuling'i Inaduka Ndili M'galaja

Amuna anga anagwira ntchito yoyendetsa galimoto pa esiteti ya tiyi kwa zaka zambiri, ndipo chakumapeto ankayendetsa bwana wamkulu wa kufakitale. M'mawa uliwonse ankakwera chitunda kupita kunyumba kwa bwanayo kukatulutsa galimoto m'galaja. Chitseko cha galajayo sichinali ngati zitseko zathuzi zotsegukira kumbali. Chinali chachitsulo, cha zigawo zinayi zopingasa, ndipo munthu akachigwira pansi n'kuchinyamula pang'ono, chinkakwera mopepuka n'kukagona kudenga. Ana athu anakula akumva mbiri ya chitseko chimenechi kuposa ya agogo awo.

Chaka chimene ankapuma pantchito, a esiteti ankakonzanso nyumba ija ndipo zinthu zakale anazigulitsa kwa antchito. Anzawo anathamangira mawindo, bafa ndi firiji. Amuna anga anafika pakhomo ndi chitseko pa ngolo ya thirakitala, atakhala pambali pake ngati akuperekeza mkwatibwi. Nyumba yathu ya kufupi ndi Khonjeni inali isanathe, khitchini inalibe denga, koma iwo anayamba ndi galaja. Anaimanga poyeza chitsekocho. Mmisiri atafunsa za kakhomo kam'mbali, anakana. Anati akuba amalowera pa timakomo ting'onoting'ono. Anangolola tizibowo ta mpweya pamwamba pa khoma, toti ngakhale mphaka sangadutsepo.

Galimoto tinali nayo, kapikapu kakale, koma kankagona panja pansi pa mtengo wa mapeyala. M'galajamo munkakhala matumba a nandolo ndi chimanga, makasu ndi makwerero.

Ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale. Chaka chimene ndikunenachi, gulu la amayi kumpingo kwathu linalibe mlembi, ndipo amayi apampando anali atatsimikiza mumtima mwawo kuti mlembiyo ndi ine. Amayi amenewa anali kapitawo wa othyola tiyi asanapume, ndipo mawu awo anazolowera kufika kumapeto kwa munda. Sankadziwa kukanidwa. Ine ndinali ndi makope a ana osachonga odzaza dengu, choncho kwa masabata atatu ndinkatulukira khomo lina tikaweruka kutchalitchi.

Loweruka lina m'mwezi wa Julaye kunacha ndi chiperoni, mvula yowaza ija yosatha, ndipo minda ya tiyi kutsidya sinkaoneka chifukwa cha nkhungu. Ndikutsuka makapu pakhonde, ndinaona ambulera yakuda ikubwera m'kanjira ka m'nthochi. Ambulerayo ndinkaidziwa.

“Bambo, muwauze kuti ndapita kumsika,” ndinatero.

Amuna anga anatsitsa kapu ya tiyi. “Ndiname m'mawa uno, mayi?”

“Zaka zonse zija simunauzepo munthu kuti bwana kulibe, bwana ali m'nyumba akudya mazira?”

Ndinazemba kuseri, n'kulowa m'galaja, n'kutsitsa chitseko pang'onopang'ono kuti chisamveke. Ndinakhala pathumba la nandolo mumdima, foni ili m'manja.

Ndinamva odi, ndinamva moni. Kenako ndinamva amuna anga akunama, ndipo ndinadabwa ndi luso lawo. Sanangonena kuti ndapita kumsika. Anati ndakwera kabaza, ndavala juzi yobiriwira, ndikukagula usipa ndi sopo, ndiponso mwina ndidzera kwa telala. Amayi apampando anati adikira pang'ono mvula ikate. Anaima pakhonde la galaja penipeni, ine ndikumva kupuma kwawo.

Pamenepo china chake chinaphulika pamwamba pa mutu wanga. Kunamveka ngati mfuti yawombedwa m'mgolo. Fumbi linagwa kudenga, nkhuku zinabalalika panja, ndipo ine ndinakuwa ndi mawu amene ndimaitanira ana ali kubwalo la mpira.

Kenako amayi apampando analankhula mofatsa kwambiri.

“Achimwene, kodi msika wa ku Khonjeni unasamukira m'galaja mwanu?”

Amuna anga anafunsa ngati ndavulala. Ndinati ayi. Anagwira chitseko kuti atsegule, koma sichinasunthe. Chitseko chimene chinkakwera ndi dzanja limodzi chinali chitalemera ngati chamangidwa ndi simenti. Anaitana amuna awiri amene ankadutsa mumsewu akukankha njinga za nthochi. Atatuwo anakokera pamodzi, chitseko chinakwera mopendama, mbali imodzi pamwamba ina pansi, chinalira, n'kukanirira. Pansi panatsala mpata woti dzanja n'kulowa mpaka m'chigongono basi. Anthu a nthochi anapepesa n'kumapita.

Ndili ndi achimwene anga, aakulu kwa ine, amene ndi fita kufakitale ya tiyi. Makina opota masamba akaima, amaitana iwo. Amuna anga sankafuna kuwaimbira, chifukwa awiriwa chikwatiranireni ife akhala akupikisana kuti wodziwa zitsulo ndani. Ndinawaimbira ndekha ndili mkatimo. Anati ali pashifiti mpaka masana, ndidikire, ndipo ndisakhudze kanthu.

Kudikira kumeneko ndi kumene kunandipezetsa udindo. Amayi apampando anapempha mpando, anauika pafupi ndi mpata uja, n'kuyamba kufotokoza zosowa za gulu. Sanatchulepo za bodza lija ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira. Ndinkangoona nsapato zawo zapulasitiki ndi nsonga ya ambulera. Ndinanena za makope, anati Mulungu amapereka nthawi. Ndinanena kuti maso anga ayamba kuvuta, anati iwo ali ndi magalasi awiri. Amuna anga analowetsa kapu ya tiyi ndi chinangwa chophika pampatapo. Pambuyo pa chinangwacho panalowa buku lalikulu lachikuto cholimba, bolopeni ili pakati.

“Mungoyamba ndi mayina a mamembala,” anatero amayi apampando. “Ine ndizitchula, inu muzilemba. Foni yanuyo ili ndi tochi, eti?”

Ndinalemba mayina onse nditagwada pasimenti, buku lili pathumba la chimanga.

Achimwene anafika pa njinga yamoto dzuwa litapendeka, ngakhale kuti dzuwalo palibe analiona tsiku limenelo. Anayala thumba pansi, anagona chafufumimba, n'kusuzumira.

“Achemwali, muli moyo?”

“Ndilipo.”

“Walitsani pamwamba pa chitseko. Mukuona chiyani?”

Ndinawalitsa. Kwa zaka zonsezo ndinali ndisanayang'anepo pamenepo. Panali chitsulo chachitali ngati paipi, chopingasa kuchokera khoma ili mpaka linalo, ndipo pachitsulopo panavekedwa masipuling'i awiri akuda, onenepa ngati mkono wanga. Kumapeto konse kunali timawilo tokulungapo waya wopita pansi pa chitseko. Sipuling'i ya kumanzere inali itaduka pakati, pali mpata woti zala zitatu n'kulowa, ndipo waya wa mbali imeneyo unali lende.

“Ndiye imeneyo yaphulikayo,” anatero achimwene. “Chimanyamula chitseko si munthu ayi, ndi masipuling'iwo. Amakhala atapotedwa. Inzakeyo ikadali ndi mphamvu zake zonse, mukaiseweretsa ikuchotsani mano.”

“Zimenezo ndikuzidziwa, alamu,” anatero amuna anga. “Chitseko ichi ndachitsegula zaka makumi awiri.”

“Inenso minibasi ndaikwera zaka makumi atatu, alamu, koma sindine dalaivala.”

Anakangana kanthawi, achimwene akusakaniza ndi Chilomwe monga amachitira akapsa mtima, ine ndikuwakumbutsa kuchokera pansi pa chitseko kuti tiyi ndinamwa uja wafika pofuna kutuluka. Mawu amenewo ndi amene anawafulumizitsa. Anatenga jeke ya kapikapu, anabwereka ina kwa aneba, anaika uku ndi uku, n'kumakweza pang'onopang'ono mofanana, akuika njerwa pansi. Chitseko chitafika m'mawondo, achimwene anati apa ndiye pomaliza, akapitiriza chichoka m'njanji zake.

Ine si munthu wochepa thupi. Ndinatulutsa buku kaye, kenako mutu, kenako zina zonse, ndikukwawa chamimba pamatope. Pamene ndinkadzuka, panja panali anthu oposa khumi, ena mwa iwo makolo a ana a m'kalasi mwanga. Mayi wina anandichotsa makoko a nandolo m'tsitsi. Amayi apampando anatsegula buku, anayang'ana mayina, n'kunena kuti ndimalemba bwino.

Mawa lake achimwene anabwera ndi ndodo ziwiri zachitsulo, zotalika ngati mkono, zimene anakadulitsa kwa wowotcherera pa Khonjeni. Anakwawira mkati, anamasula sipuling'i yamoyo ija pang'onopang'ono, n'kutulutsa onse awiri. Amuna anga anati yodukayo angokaiwotcheretsa. Achimwene anati moto umapha sipuling'i, ikatero imasanduka waya wamba. Anawauza kuti apite nayo ku Blantyre akafune yofanana nayo ndendende.

Amuna anga anakulunga chidutswa m'nyuzipepala n'kukwera minibasi. Anayenda masitolo tsiku lonse, ena akuwaonetsa masipuling'i a matilesi, ena a galimoto, mpaka anapeza malo amene amakonza mageti ndi zitseko za magalaja. Anabwerako ndi sipuling'i imodzi, akunyadira.

Achimwene anaiyang'ana. “Inzake ili kuti?”

“Yaduka ndi imodzi, alamu.”

“Tayala lakutsogolo likatha, mumasintha limodzi lokha?”

Amuna anga akanauzidwa m'chilankhulo cha kufakitale akanatsutsa, koma za matayala sakanatha. Achimwene anawonjeza kuti masipuling'iwo amasiyana kapotedwe, ina ndi ya mbali iyi ina ya mbali iyo, n'chifukwa chake amapakidwa utoto wosiyana kumutu, wofiira ndi wakuda. Amuna anga anali atagula yofiira. Anabwereranso ku Blantyre kukatenga yakuda.

Tsiku loika linali Loweruka lachitatu chichitikire ngoziyo. Kunja kunali kutayera, mizere ya tiyi ikuoneka mpaka kuphiri. Achimwene anafotokoza dongosolo: masipuling'i amapotedwa chitseko chili chotseka, ndipo wopotayo amakhala mkati. Ndinafunsa funso limene ndinkaona kuti ndi lanzeru.

“Nanga zikakanika, mutulukira pati?”

Amuna awiriwo anayang'anizana. Aka kanali koyamba kuwaona akugwirizana, ndipo anagwirizana zoti funso langalo silinali lofunika. Kenako achimwene anati akufuna munthu wogwira tochi ndi kuwerenga, poti sipuling'i iliyonse imafuna kupotedwa kamakumi atatu, osapitirira, osaperewera. Anati mphunzitsi ndiye woyenera. Ndinavomera, koma ndinalowa ndi fulasiki ya tiyi, mkoko wa nthochi, mpango wofunda ndi ndowa yopanda kanthu. Amuna anga ataona ndowayo anakhumudwa, anati ndikuwanyoza.

Titakwawira mkati, aneba anachotsa majeke ndi njerwa, chitseko chinatsika mpaka pansi. Achimwene anachimanga ndi pulayala yokhoma panjanji kuti chisanyamuke. Anaveka masipuling'i atsopano pachitsulo chija, anabwezera timawilo, anakunga mawaya mbali zonse mpaka analira mofanana akawakhudza. Kumutu kwa sipuling'i iliyonse kunali kachitsulo ka mabowo anayi. Anaimika makwerero chakumbali, mutu wawo kutali ndi mabowowo, analowetsa ndodo m'bowo lapansi n'kuikankhira m'mwamba, analowetsa ndodo yachiwiri m'bowo lotsatira, n'kuzula yoyamba ija. Kumeneko kunali kupota kamodzi.

Ndinawerenga mokweza m'Chingerezi, monga timachitira m'kalasi. Poyamba zinkayenda mofewa, koma titadutsa theka, mitsempha ya m'khosi mwa achimwene inayamba kuoneka. Titakwanitsa makumi atatu anamanga timabawuti tiwiri, anazula ndodo mosamala, n'kutsika akupukuta thukuta.

“Inayo ndipota ndine,” anatero amuna anga.

“Alamu, ndodo iyi ikakupulumukani ithyola chibwano.”

“Chitseko n'changa.”

Achimwene anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nthochi. Anawapatsa ndodo, anawaimika bwino pamakwerero, iwo n'kuima kumbuyo kwawo manja ali okonzeka. Kunena zoona amuna anga anayamba bwino. Ankalowetsa ndodo mpaka kumapeto, osathamanga. Ndinafika pa twente, twente-wanu, twente-thuu.

Chitseko chinagogodedwa.

“Odi kuno. Alembi alipo, kapena apitanso kumsika?”

Munthu wamkulu akapereka moni sungamusiye panja ngati mbuzi. Ndinayankha kuti ndilipo, tili pantchito pang'ono. Amayi apampando anafunsa mmene ndadzukira, ndinayankha, ndinafunsanso iwo. Anafunsa za ana, za sukulu. Kenako anafunsa ngati bambo ali momwemo, ndipo amuna anga anayankha moni ali pamakwerero, manja onse ali m'mwamba atagwira ndodo, mawu akutuluka ngati munthu wosenza thumba la feteleza. Atamva kuti achimwene aliponso, anawafunsa za akazi awo ndi za mwendo wawo umene unkatupa. Pomaliza anati angobwera kudzaona ngati ndinalemba zokambirana za Lachinayi, adikira panja pomwepo, tisadandaule za iwo.

“Tinali pati?” anafunsa achimwene.

“Twente-thuu,” ndinatero.

“Thwelofu,” anatero amuna anga.

“Bambo, ndimawerenga ndine.”

“Mwasokonezeka ndi moni, mayi. Ikanakhala twente-thuu bwenzi nditatopa. Ine sindinatope.”

Malaya awo anali atanyowa kumsana konse ndipo zigongono zinkanjenjemera. Ndinatembenukira kwa achimwene. Iwo anati maso awo anali pandodo, sankamvetsera manambala. Ndikuganiza kuti ankadziwa, koma anafuna kuona mathero ake. Ine nanenso mtima unandiuma. Ndinati chabwino, thwelofu, ndipo ndinayambira pamenepo. Amuna anga anapota kakhumi n'kasanu n'katatu kena, komalizira akulira m'mimba ngati ng'ombe, achimwene akuthandizira ndi dzanja limodzi mosaonetsera. Anamanga timabawuti. Anatsika pamakwerero nkhope ikuwala.

“Chotsani pulayala, alamu, muone ntchito.”

Achimwene anatiuza kuti tiime patali, anatambasula dzanja n'kumasula pulayala. Palibe anachigwira chitsekocho. Chinanyamuka chokha, chinathamanga m'njanji zake n'kukamenya kumapeto mwamphamvu moti fulasiki inagwa. Kuwala kunalowa kamodzin'kamodzi, ndipo pamodzi ndi kuwalako munalowa amayi apampando chambuyo. Anali atatsamira chitsekocho podikira. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu ofulumira, n'kukhala pathumba la nandolo limene ndinkakhalapo ine tsiku lija, miyendo m'mwamba, chikwama chili pamimba.

Tonse tinathamangira kukawadzutsa. Anatikaniza ndi dzanja, anakonza duku, anayang'ana kudenga kumene chitseko chinagona chikunjenjemerabe.

“Odi ndinanena kale,” anatero. “Sindibwereza.”

Sanavulale paliponse, ndipo atapatsidwa nthochi anakhazikika pomwepo kuti aonerere zotsala.

Vuto linali lakuti chitseko chinkakana kutsika. Amuna awiriwo anachikoka ndi chingwe, anachikanikiza pansi, koma akangochisiya chinkanyamuka n'kuwatsatira m'mwamba. Anachimanganso ndi pulayala, tonse anayi tili mkati tsopano, ndipo mkangano unayambiranso. Amuna anga anati a ku Blantyre anawagulitsa masipuling'i a chitseko chachikulu. Achimwene anati masipuling'i alibe mlandu.

Ine ndinali nditawalitsa tochi pamwamba, ndipo ndinaona chinthu. Masipuling'i atsopanowo anabwera ndi mzere woyera wa utoto, wowongoka kuchokera kumutu mpaka kumchira. Ndinauona m'mawa uja ali pansi. Tsopano mzerewo unali utazungulira sipuling'i ngati chingwe chokulungidwa pamtengo, ndipo mizere yopendama inkawerengeka. Ndinawerenga ya achimwene: isanu ndi iwiri ndi theka. Ndinawerenga ya amuna anga: khumi.

“Achimwene, kupota kanayi ndiye kuzungulira kamodzi, eti?”

“Eya.”

“Ndiye yanuyi mwapota kamakumi atatu. Iyi yapotedwa kamakumi anayi. Bwerani muwerenge nokha.”

Achimwene anakwera, anawerenga ndi chala chili patali, anatsika mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka. Amayi apampando anapempha tochi nawonso, anavala magalasi, anawerenga mokweza mpaka teni. Amuna anga anayang'ana nthawi yaitali.

“Utoto wa masiku ano,” anatero, koma sanamalize.

Achimwene anatenga ndodo zawo, anamasula timabawuti atagwira zolimba, n'kubweza kakhumi, ine ndikuwerenga, amayi apampando akubwereza pambuyo panga ndi mawu a kumunda aja kuti wina asadzatsutsenso. Atachotsa pulayala, chitseko chinakhala phee. Anachinyamula mpaka m'chiuno n'kuchisiya, chinaima pomwepo osakwera osatsika. Anati ndiye kuti chakhala bwino. Anapaka oyilo pang'ono pamasipuling'i, ndipo ndodo zija anapatsa ine, osati alamu awo. Anati ndizibise kumene ndimabisa shuga.

Madzulo ake aneba anabwera kudzaona, ndipo amuna anga anatsegula ndi kutseka chitsekocho kangapo ndi chala chimodzi, akufotokoza mmene ntchito yotere imafunira munthu wodekha. Achimwene anali atapita, choncho panalibe wowatsutsa. Ine ndinali pakhonde ndikulemba zokambirana za Lachinayi, amayi apampando atakhala pambali panga akundiuza zimene aliyense ananena ndi zimene ankayenera kunena.

M'mawa wa Lamulungu ndinawapeza amuna anga ataima pagalasi, malaya ali osamanga mabatani, tayi ili m'manja. Mikono inkakana kukwera kupitirira pachifuwa. Anayesa kawiri, nkhope ikukwinyika, kenako anangoima. Ndinawamanga mabatani kuyambira pansi, ndinawakweza kolala, n'kuyamba kumanga tayi. Iwo ankayang'ana kudenga.

“Mwina inali twente,” anatero motsitsa mawu.

“Twente-thuu.”

Ndinakoka mfundo ya tayi mpaka pakhosi, ndinawaveka jekete mkono umodziumodzi, ndipo tinanyamuka wapansi, chifukwa chiwongolero sakanatha kuchikhotetsa. Kutchalitchi, nthawi ya nyimbo yokweza manja, iwo anakweza zala zokha.